Buku limene a Mbewe anamanga ndi luzi

Tinawaika a Zakeyu Mbewe Lachinayi lapitali, tili mkati mowoka fodya, ndipo chitsulo choitanira anthu ku ntchito sichinalire. Palibe amene anapita kukapempha kwa mzungu. Kapitawo anangopachika nyundo yake pamtengo n'kubwera kudzakhala pansi pamodzi ndi ife. Anyamata amene afika posachedwa kuchokera kwathu ku Nyasalande akuyesa kuti pa famu ino zinthu zakhala choncho chikhalire. Ine ndikudziwa tsiku limene zinayamba, chifukwa maliro ake anali a mkazi wanga.

Koma ndiyambe ndanena za mabuku, poti sungatchule a Mbewe osatchula mabuku awo. Famu ino ili kufupi ndi Banket, ndipo m'komboni mwathu muno a Mbewe analipo atatu. Mlendo akafunsa kwa a Mbewe, anthu ankamufunsa kuti ati. Akangoti a Mbewe a ndege, ngakhale mwana wosavala ankamulozera nyumba ya pansi pa mtengo wa mabulosi.

Mabukuwo anali asanu ndi awiri, onse achingerezi, onse akutha, onse a ndege ndi sitima zapamadzi zankhondo. Loyamba analitola pa dzala ku bwalo la ndege kufupi ndi Halale, kumene ankaphikira anyamata achizungu ophunzira kuuluka nthawi ya nkhondo yaikulu yachiwiri ija. Awiri anasinthanitsa ndi nkhuku ya thadzi kwa khukhi mnzawo wa famu ya kutsidya, dona wake akusamuka. Otsalawo ankachita kugula limodzilimodzi akakwera lole ya famu kupita m'tauni, m'sitolo ina yogulitsa mipando yothyoka, nsapato za anthu akufa ndi mabuku osowa mwini. Lina linali ndi dzina la munthu lofufutidwa pachikuto chamkati. Lina linapsa ngodya. Lina linabwera lopanda chikuto, iwo n'kulisokera chikopa cha mbuzi. Ankawasunga m'bokosi lachitsulo lokhazikidwa pa njerwa zinayi, ndipo pakati pa masamba ankawazamo fumbi la fodya kuopa chiswe. Ukatsegula buku lililonse unkayamba wayetsemula.

Chingerezi chawo chinali cha kukhitchini, cha supu ndi pudini. Mawu olembedwa sankawerenga ngakhale limodzi. Iwo ankawerenga zithunzi, ndipo ankawerenga ndi mtima wonse. Lamulungu masana, tikaweruka ku mapemphero, ankayala mphasa pansi pa mabulosi paja, n'kusamba m'manja, ndipo aliyense wofuna kuona ankayenera kusamba m'manja, kenako n'kuika manjawo kumbuyo. Ndinawafunsa tsiku lina kuti nanga tikusambiranji ngati sitigwira. Anati munthu sakhulupirika, dzanja limapita lokha.

Chilichonse anachitcha dzina. Ndege ya mapiko anayi inali tombolombo. Sitima yoyenda pansi pa madzi inali ng'ona. Koma imene ankaikonda inali sitima yaikulu yosalala pamwamba, imene ndege zimaterapo ndi kunyamukirapo pakati pa nyanja. Imeneyo ankati ndi mayi wa ndege, poti imabereka ana ake kumsana. Nyanja yamchere sanaioneko chibadwire, komabe ankafotokoza za mafunde ake mochita kugwedeza mapewa, ndipo tonse tinkawakhulupirira. Akafika pa mayi wa ndege mawu ankatsika. Ankati vuto la mwana wa sitima imeneyi si kuuluka ayi, koma kubwerera, chifukwa iye ali m'mwamba mayi wake sakhala pamodzi. Ndiye ankatiyang'ana ife matchona, anthu amene tinachoka kwathu tikuti tikagwire zaka ziwiri zokha, n'kutseka buku.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. A Mbewe anali ndi pakamwa polasa, ndipo ankasunga mangawa. Ine ankanditcha Balani, nyumba yowotchera fodya ija, ati chifukwa ndimatentha mkati koma chitseko chili chotseka. Zinkandiwawa, koma sankanama.

Mkangano wawo waukulu unali ndi a Filimoni Tembo. Pa famu ya fodya fodya sasowa, chosowa ndi pepala lopichirira. A Filimoni ankayang'ana mabuku aja monga mmene fisi amayang'anira khola. Tsiku lina anang'amba tsamba limodzi chakumapeto, losakhala ndi chithunzi, n'kulisuta masiku atatu. A Mbewe anazindikira pongogwira bukulo m'manja. Nkhani inafika kwa akuluakulu a komboni.

"Inu mudhara, tsamba lake linali la mawu okhaokha," anatero a Filimoni, powatcha nkhalamba m'Chishona. "Ndani akanawerenga? Inuyo?"

"Nanga iwe amene wawameza, tatiuza akuti chiyani," anayankha a Mbewe.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma iwo sanaseke. Anagamula kuti a Filimoni alipe tambala. Tambalayo a Mbewe anaphika okha ndi luso lonse la kukhitchini ya azungu, n'kuitana a Filimoni omwewo kudzadya nawo, koma dzinja lonse lija sanawapatse moni.

Mkulu wa mpingo nayenso anawadzudzulapo kuti Mkhristu sayenera kugona ndi mabuku ankhondo kumutu. Iwo anati m'Baibulo nkhondo ndi zambiri kuposa, kungoti anaiwala kuikamo zithunzi. Kwa anthu a gule analibe nawo chidani, ngakhale iwo anali a tchalitchi. Chaka china pa mpalo, mwambo wokumbukira mkulu wina amene anamwalira, kunatuluka chilombo cha mapiko anayi, chofanana kwambiri ndi tombolombo wa m'buku la chikopa cha mbuzi. Amayi anathawa akululutira. A Mbewe anangoima potero akukanda chibwano, n'kunena kuti mizimu ya masiku ano ikudziwa zinthu. Pamenepo ine sindinena zambiri.

Tsopano ndinene za mkazi wanga.

Nachisale ndinamutenga kwawo ku Ntcheu movuta. Kwathu mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, ndiye kupempha kuti ndimutenge, ndiponso kupita naye dziko lina, inali nkhani yolemera. Atsibweni ake anakana kawiri. Kachitatu anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mkamwini, mukatibwezere munthu wathu. Zikakakanika, mukamuike ngati munthu wokhala ndi kwawo, ndipo mudzatilembere maina a amene anamulira." Ndinavomera msangamsanga, poti munthu wathanzi ngati Nachisale ndani akanamuganizira za manda.

Chinali chaka chimene Chitaganya chinangoyamba kumene, anthu akukangana za icho m'mashedi osachimvetsa. Mvula inagwa yambiri ndipo fodya anapsa yense nthawi imodzi. Nachisale anadwala malungo masiku anayi. Lachiwiri m'mawa, chitsulo chitangolira, anatisiya. Mwana wathu Esitere anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Kapitawo anapita kukanena kwa mwini famu, amene tinkamutcha Chisoti chifukwa sankachivula ngakhale pakudya. Anabwerako akuyang'ana pansi.

"Murungu akuti basa ndi basa," anatero, kutanthauza kuti mzungu akuti ntchito ndi ntchito. "Akuti mkazi sali pa tikiti. Amuna awiri akumbe nthawi yopuma masana, muike, chitsulo chikalira onse kumunda."

Tikiti ndi kapepala kamene amachongapo masiku a munthu wolembedwa ntchito. Akazi athu ankasoka fodya m'mashedi nyengo yonse, koma analibe tikiti, ndiye kwa mzungu sankawerengedwa. Sikunali koyamba. Tinali titaikapo ana ndi amayi mwa njira imeneyi, mothamanga, anthu anayi kapena asanu, dothi la kumanda n'kukalisambira kumunda. Tinkang'ung'udza, kenako n'kuiwala, mpaka tsiku limene zagwera iwe.

Ndinakhala pakhomo manja ali m'masaya. Sindinkalira n'komwe. Ndinkangoganiza za kalata ija. Ndidzalembamo maina angati? Ndidzawauza chiyani atsibweni ake, kuti mwana wawo tinamukwirira pakati pa chitsulo ndi chitsulo ngati nkhuku yofa ndi chitopa? 

A Mbewe anatulukira atavala epuloni yawo yoyera. Nthawi imeneyo anali khukhi wa Chisoti, ntchito yosiririka pa famu yonse, yapamthunzi, ya shuga ndi mafuta otsala. Sanalowe m'nyumba ya maliro. Anapitirira kwawo, ndinamva bokosi lachitsulo likulira, kenako anabwera buku lili m'khwapa.

"Dzuka, mphwanga. Tiye."

"Kuti, sekuru?" Kuno akuluakulu timawatcha choncho, potengera anzathu a Chishona.

"Ukaime kumbuyo kwanga. Usakayankhule, poti ngakhale utafuna sungathe. Nkhope yakoyo ndi yokwanira."

Tinapeza Chisoti ali pakhonde akudikira tiyi. Munthu wa kukomboni sankaponda pakhonde limenelo, ndiye ine ndinaima pansi pa masitepe. A Mbewe analowa kukhitchini, n'kutuluka ndi thireyi monga mwa masiku onse. Anathira tiyi, anaika shuga, anatakasa. Kenako anatsegula buku lija n'kuliyala pambali pa kapu.

Chithunzicho ndinachiona bwino, ndipo mpaka lero ndikatsinzina ndimachiona. Panali pamwamba pa sitima yankhondo, mizinga italoza kumwamba. Amuna ovala zoyera anaima mizere iwiri, njo, manja m'mbali. Kumapazi a munthu aliyense kunagona chinthu chachitali chokulungidwa, chomangidwa ndi chingwe m'malo angapo. Mkulu wawo ankayenda pakati atawerama pang'ono. Mchewa aliyense akaona chinthu chotero safunsa. Umo ndi mmene timakulungira mtembo m'mphasa.

Ankayankhula chilapalapa, chiyankhulo cha mabwana ndi antchito, chosakaniza ndi chingerezi cha kukhitchini, koma ndinamva zonse.

"Bwana, awa ndi anthu anu. Nkhondo ili mkati, mdani ali pafupi, koma taonani, aima onse. Palibe amene wati tiyambe tawombera kaye. Kodi fodya wanu waposa nkhondo?"

Chisoti anali woyendetsa ndege pa nkhondo ija, ndipo famuyi anaipeza atabwerako akutsimphina. Anakokera bukulo pafupi, n'kuyendetsa chala pa timawu ta pansi pa chithunzi. Mlomo wake unagwedera ngati akufuna kuseka. Anadzutsa mutu.

"Zakeyu, ukudziwa chimene chalembedwa apa?"

"Ine sindiwerenga, bwana," anatero a Mbewe, osaphethira. "Koma manda a anyamata anu ndinakumba nawo. Kunali wina wa tsitsi lofiira, wokonda mazira osapsetsa. Anagwa ndi ndege yake m'munda wa chimanga. Mayi wake anali kutsidya la nyanja. M'mawa umene tinamuika, ndege ngakhale imodzi sinauluke. Analiza lipenga, ife a kukhitchini tinaima kumbuyo, ndipo ine ndinalira mwana wa eni amene sankadziwa ndi dzina langa lomwe. Mkazi wagona uko wasoka fodya wanu zaka zisanu. Nayenso mayi wake ali kutali."

 Tiyi anazizira. Chisoti anayang'ananso chithunzi chija, anayang'ana ine, kenako anayang'ana kumunda.

"Hafu ya tsiku," anatero.

"Maliro alibe hafu, bwana."

Apo ndinaona khosi la mzungu likufiira, ndipo ndinati basi zathera pompa. Anamenya tebulo kapu n'kudumpha. Anati chabwino, mawa lonse, koma Lamulungu aliyense kumunda kukabweza, ndiponso moto wa m'mabalani usazime ngakhale pang'ono. Kenako analoza a Mbewe n'kunena kuti munthu wobweretsa nkhani za kukomboni pa tebulo lake asadzapondenso m'khitchini mwake.

A Mbewe anati zikomo. Anatenga thireyi, anakatsuka kapu, anavula epuloni n'kuipinda bwinobwino, anaisiya pampando. Tikutsika njira ya kukomboni anangondiuza kuti ndipukute mamina.

Panatsala vuto limodzi. Ine ntchito yanga ndi yosonkha moto m'mabalani owotchera fodya, ndipo tsiku la malirolo balani lachitatu linali langa, tsamba lili pa nthawi yofuna moto wosasintha. Aliyense ankafuna kupita kumanda, poti tsikulo linali lopezedwa movuta. A Mbewe anati balani alisiyire iwo. Munthu amene anali asanagwirepo chipika cha nkhuni zaka khumi anakhala pa ng'anjo yanga kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Choncho maliro amene anawamenyera nkhondo sanawaone. Komboni yonse inapita. Amayi a chigwirizano anayenda patsogolo akuimba, a gule anabwera osavala zawo n'kunyamula nawo chithatha, ena anachokera famu ya kutsidya. Njira ya kumanda imadutsa kuseri kwa mabalani. Tikudutsa ndinawaona ataima pakamwa pa ng'anjo, nkhope yonse mwaye, chipewa chili m'dzanja limodzi, chikuni m'dzanja linalo. Pamenepo m'pamene ndinayamba kulira.

Kalata ya kwa atsibweni inakwana mapepala awiri, maina okhaokha. Dzina loyamba linali la munthu amene kumandako sanafike.

A Mbewe anawatumiza kodula nkhuni, kenako msana utakana anawapatsa zoweta ana a ng'ombe. Mkazi wawo, mayi Nangozo, anawalalatira mwezi wathunthu chifukwa cha shuga ndi mafuta amene anasiya kubwera pakhomo, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndinapita kukapepesa. A Mbewe anandithamangitsa. Anati kukhitchini kunali kotentha kale, ndiponso ana a ng'ombe sadandaula kuti mazira apsa kwambiri. Nditayesa kuwathokoza anati maliro n'kulirana, ndisawasokose.

Miyezi ingapo pambuyo pake kunamwalira khanda la banja lina la ku Tete. Kapitawo anapita kukanena, Chisoti anangokupiza dzanja osadzutsa mutu. Kuyambira pamenepo pakagwa maliro chitsulo sichilira, kaya ndi a mwamuna, a mkazi kapena a mwana, ndipo Lamulungu timakabweza. Nkhani ya maliro a pa sitima inafalikira mpaka ku mafamu a ku Glendale. Ena ankati mitembo inali makumi awiri, ena ankati sitimayo inachita kuima pakati pa nyanja mabomba akugwa. A Mbewe akamamva ankangokanda chibwano.

Koma buku lija sanalitsegulenso. Analimanga ndi luzi mopingasa, n'kuliika pansi pa anzake. Wina akapempha kuona chithunzi chotchukacho, ankati bukulo linagwira ntchito yake, lisiyeni lipume.

Ndi iwo amene anandiumiriza kutumiza Esitere ku sukulu ya mishoni, ati kuti adzatiuze zimene a Filimoni anasuta. Akabwera pa tchuthi ankamukhazika pamphasa kuti awawerengere mawu a pansi pa zithunzi, ndiye n'kumatsutsana nawo. Esitere akatchula dzina lenileni la tombolombo, iwo ankati azungu amadziwa kupanga zinthu koma kutcha maina ayi. Mabuku asanu ndi limodzi anawerenga onse, ena kawiri. Tsiku lina anatambasula dzanja kufuna lomanga ndi luzi lija. A Mbewe anamugwira pamkono.

"Limenelo ayi, mdzukulu wanga. Limenelo ndi la amayi ako."

Mayi Nangozo anatsogola zaka zitatu zapitazo, ndipo ana analibe. Chaka chino, pamene aliyense akunena kuti Chitaganya chikutha ndipo ena akumanga katundu kubwerera kwathu, ndinawafunsa ngati nawonso apita. Anati mayi wa ndege anasuntha kalekale, akakatera pati. Anadwala chifuwa sabata ziwiri. Ananeneratu pamaso pa akuluakulu kuti bokosi ndi la Esitere, ndiponso kuti asadzawakhomere bokosi la matabwa, adzawaike m'mphasa yawo ngati kwawo ku Dedza.

Loweruka, titasesa, Esitere anatsegula bokosi lija pakhomo panga. Anatulutsa mabuku limodzilimodzi akuyetsemula. Atafika pa lomanga ndi luzi anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu. Luzi linali litauma moti linangothyoka. Buku linatseguka lokha pa tsamba lija.

Anawerenga chamumtima. Anabwerezanso. Kenako anaseka kamodzi, kuseka kwake n'kusanduka kulira.

"Atate, si maliro awa."

"Ukuti chiyani?"

"Palembedwa kuti ndi m'mawa. Asilikali a pa sitima apinda zogonera zawo, aima pamzere kuti mkulu wawo aone ngati amanga bwino. Ndi zofunda izi, atate. Palibe wafa apa."

Ndinakhala pansi. Zaka khumi komboni yonse takhala tikulira zofunda za azungu. Ndinafuna kuseka, koma ndinakumbukira mlomo wa Chisoti ukugwedera, ndi funso lake lija. Iye anawerenga, ankadziwa. Kenako ndinakumbukira china. A Mbewe anakhala zaka zisanu pakati pa asilikali, akuwaona m'mawa uliwonse akupinda mabulangete n'kuima pamzere. Ndiponso mwa mabuku asanu ndi awiri, limodzi lokha ndi limene sanalole kuti mwana wodziwa kuwerenga aligwire.

Ndinamuuza Esitere kuti apeze luzi lina amangenso, asauze munthu. Koma ndagona nazo masiku awa, ndipo ndaona kuti kubisa n'kuwabera a Mbewe ulemu wawo. Tinkawatama kuti anapeza umboni wamphamvu. Umboni analibe. Anangofuna chinthu choti aike pa tebulo kuti mzungu ayang'ane pansi n'kumvetsera, ndipo anakwera masitepe aja akudziwa kuti angathe kusekedwa n'kutaya ntchito pachabe. Anachita zimenezo chifukwa cha mkazi amene sanali mbale wawo, ndi mwamuna wosatha kudziyankhulira yekha. Sekuru, munandikaniza kukuthokozani muli moyo. Lero simungandithamangitse. Zikomo.

Dzulo ndinapita kukatseka nyumba yawo, poti kapitawo akuti Lolemba mulowa banja lina. Mabulosi apsa, akungogwera pansi, ndipo pamene tinkakhala Lamulungu paja pada bii. M'nyumba mukununkhabe fumbi la fodya. Njerwa zinayi zija zili pomwepo, pakati pake dothi loyera lofanana ndi bokosi. Epuloni palibe, chipewa anatenga a Filimoni. Ndinayang'ana pangodya ya kuseri kwa chitseko, pamene m'mawa uliwonse ankapinda mphasa yawo, n'kuimanga ndi chingwe m'malo atatu, n'kuiimika. Pangodyapo palibe kanthu. Ulendo uno tinapinda ndife, iwo ali momwemo.